Kukonza thanga la windsurf kuti likoke mwamphamvu mphepo ikachepa

Ife a ku Kasungu nyanja tili nayo patali. Kuchokera pa boma kukafika ku Nkhotakota, kudzera msewu wa M18 umene umadutsa ku Mtunthama n'kukalowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, pali makilomita pafupifupi 130, ndipo munthu amene wamangirira thabwa ndi mlongoti za windsurf (masewera oyenda pamadzi munthu ataima pa thabwa lokokedwa ndi thanga) pamwamba pa galimoto n'kuthira mafuta a ndalama zake sangatembenuke chabe chifukwa chakuti wapeza nyanja itagona tulo. Madamu a kwathu kuno sangatipulumutse, pakuti la Chitete ndi la madzi akumwa a anthu a m'tauni, pamene la Lifupa eni ake ndi mvuu. Choncho mphepo imene mwaipeza tsiku limene mwafika ndi yomweyo imene muyenera kugwira nayo ntchito, ndipo kunja kwa miyezi ya mwera, kuyambira Meyi kufikira cha m'Sepitembala, kawirikawiri imakhala yofooka. Malangizo ano ndi a masiku oterowo, pamene masamba a mango akungogwedera ndipo mafunde a thovu loyera akuoneka apo ndi apo kapena sakuoneka n'komwe, zimene zimasonyeza kuti mphepo sinafike pa liwiro la makilomita 20 pa ola.

Tisanagwire chingwe chilichonse, pali masamu ochepa oyenera kuwadziwa. Mphamvu imene mphepo imakankha nayo thanga sikwera mofanana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi, kotero kuti mphepo ya makilomita 21 pa ola imakoka pafupifupi kawiri kuposa ya makilomita 15, ngakhale kuti pankhope kusiyana kwake kumamveka kochepa. Kuwonjezera apo, nyanja ya Malawi ili pamalo okwera mamita pafupifupi 470 poyerekeza ndi nyanja zamchere, ndipo mpweya wa pamalo okwera ndi wopepuka. Ukatenthedwanso ndi dzuwa la Okutobala umapepukirapo, mwakuti pa tsiku la madigiri 30 thanga limalandira mphamvu yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi mphepo ya liwiro lomwelo pagombe lozizira la nyanja yamchere. Madzi athu nawonso, popeza alibe mchere, sayandamitsa kwambiri: thabwa la malita 150 limanyamula makilogalamu 150, pamene m'madzi amchere likananyamula ena pafupifupi 4 owonjezera. Chilichonse mwa izi ndi chaching'ono pachokha, koma zikaphatikizana zimachititsa kuti manambala amene opanga matanga amalemba kunsi kwa thanga akhale poyambira chabe.

Mayina a zipangizo ndi a Chingerezi, ndipo pogula kapena pobwereka mudzawamva choncho, koma pano ndiziwatchula m'njira yoti tizimvana. Mlongoti umalowa m'thumba lalitali la kutsogolo kwa thanga, ndipo kunsi kwake kumalowa paipi yowonjezera imene ili ndi manambala a masentimita. Boom ndi chogwirira chopindika cha mbali ziwiri chimene chimazinga thanga, ndipo ndi pamene pamakhala manja. Chingwe chimene chimakokera thanga pansi motsatira mlongoti amachitcha downhaul, ndipo ine ndizichitcha chingwe cha pansi. Chimene chimakokera nsonga ya thanga kumapeto kwa boom ndi outhaul, chingwe cha kumbuyo. Timitengo topyapyala tolowetsedwa mopingasa m'thanga ndi ma batten, nthiti za thanga. Pansi pa zonsezi pali cholumikizira chopindikira mbali zonse, masiku ano nthawi zambiri cha labala, chimene Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer a ku California anamangirapo masewerawa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Chifukwa cha cholumikizira chimenechi mlongoti suima wokha monga wa ngalawa. Amene amauimika ndi munthu, ndipo cholakwika chilichonse cha m'thanga chimakathera m'mikono ndi kumsana kwake.

Nkhani yonse yagona pa mimba ya thanga. Aliyense amene anayanikapo chitenje amadziwa kuti chikakungidwa kwambiri m'nsonga zonse mphepo imangodutsa, koma chikalekereredwa pang'ono chimafufuma n'kuyamba kukoka chingwe mpaka nsichi kugwedera. Thanga la mimba yakuya limakhotetsa mpweya wambiri ndipo limakoka ngakhale mphepo ikhale yochepa, pamene lophwatalala limakoka pang'ono koma silivuta kuligwira pa chimphepo. Zingwe ziwiri zija zonse zimatha kukulitsa mimba, koma sizichita mofanana. Cha kumbuyo chimakulitsa mimba popanda kusokoneza kwambiri malo amene mphamvu yakhala. Cha pansi chimapinda mlongoti monga mmene nsinga imapindira uta, ndipo ndi chimene chimasunga mphamvu kutsogolo ndi kumunsi kwa thanga, n'kulola mphepete ya kumtunda kuti izitseguka ndi kutaya mphepo yopitirira muyeso. Anthu ambiri mphepo ikachepa amathamangira kukhwefula cha pansi, mwina chifukwa ndi chimene chimawapweteka manja pokoka, ndipo pamenepo ndi pamene amasokerera. Mphamvu muziifuna ku chingwe cha kumbuyo, ndipo cha pansi muzingochikhudza pang'ono.

Ntchito yoyamba ndi ya panyumba

Kuyeza kuchitikire kuno kumudzi, masiku angapo ulendo usanafike, chifukwa pagombe pamakhala mchenga, dzuwa ndi changu, ndipo zitatuzi sizilola munthu kuyeza mosamala. Sankhani m'mawa wopanda mphepo, pamalo a kapinga kapena pabwalo losesedwa bwino pamene mwayala mphasa ziwiri kapena zitatu, kutali ndi zitsa, minga ndi waya wa mpanda. M'chilimwe musachite zimenezi masana, pakuti kamvuluvulu wa kuno, amene amasasula madenga a zigafa, sangalephere kunyamula thanga la masikweyamita 7 n'kukalikoleka m'mtengo wa mthethe. Mukhale ndi tepi yoyezera, cholembera cha inki yosafufutika, kope laling'ono, tepi yomata ya amagetsi ndi kamtengo kolimba kokulungira chingwe pokoka. Chidutswa cha mpini wa khasu chimagwira bwino ntchito imeneyi.

Yambani ndi kuwerenga zimene zalembedwa kunsi kwa thanga kapena pa thumba lake. Pamakhala kukula kwa thangalo, kutalika kwa mbali ya mlongoti kolembedwa kuti luff, kutalika kwa boom ndi mlongoti woyenera. Milongoti yofala ndi ya masentimita 400, 430, 460 ndi 490, ndipo uliwonse uli ndi nambala ya kuuma kwake yotchedwa IMCS, monga 21 pa wa 430 ndi 25 pa wa 460. Ngati luff yalembedwa 474 ndipo mlongoti wanu ndi wa 460, paipi yowonjezera iikidwe pa 14. Mlongoti wofewa kuposa umene thanga limafuna umapindika msanga n'kuphwetsa mimba, ndipo palibe kamangidwe ka zingwe kamene kangabweze mphamvu yotayika choncho. Onaninso zingwe zenizenizo. Zoyenera ndi za mamilimita 4 zosatamuka, monga za Dyneema. Za nayiloni za pamsika zimene timamangira katundu pa njinga zimatamuka zikakokedwa, makamaka zikanyowa, ndipo sentimita imene mwaiyeza mosamala imasowa musanatuluke n'komwe m'madzi osaya.

Lumikizani zigawo ziwiri za mlongoti mutapukuta bwino polumikizirapo, ndipo mukulunge tepi yomata pamenepo kuti mchenga usalowe ndiponso kuti zigawozo zisatalikirane mobisika m'thumba, chifukwa mlongoti wosalumikizika mokwanira umathyoka ukangokungidwa. Ulowetseni m'thumba pang'onopang'ono mpaka nsonga yake itakhala m'kapu ya pamwamba, kenaka lowetsani paipi yowonjezera. Chingwe cha pansi chidutse m'timawilo ta pa thanga ndi ta pa paipi mosapingasana, mizere yonse itandandalika ngati nsambo za bangwe. Chikapingasana chimakhulana, ndipo mudzaganiza kuti mwafika pamapeto pamene masentimita awiri akadalipo. Kokani pang'ono kuti mlongoti uoneke pa zenera la thumba, mangirirani boom, ndipo mukoke chingwe cha kumbuyo mongogwiriziza.

Chingwe cha pansi

Khalani pansi, phazi limodzi litaponda kunsi kwa paipi, chingwe mutachikulunga pa kamtengo kaja, ndipo mukoke powongola mwendo, msana uli chilili. Pitirizani mpaka timawilo ta thanga titatsala pang'ono kukhudza ta paipi, pamene ndi pa muyeso wa opanga thangalo. Tsopano imirirani, kapena pemphani mnzanu aponde kunsi kwa mlongoti kuti nsonga inyamuke, ndipo muyang'ane mphepete ya kumbuyo chakumtunda. Pakati pa nthiti yoyamba ndi yachiwiri, ndiponso pakati pa yachiwiri ndi yachitatu, nsalu iyenera kuoneka yolobodoka, itagwa ngati khutu la mbuzi, ndipo kulobodokako kumalowa m'kati mwa thanga kulunjika ku mlongoti. Matanga ambiri ali ndi timadontho kapena timizere pamenepo tosonyeza pamene kulobodoka kuyenera kufika pa mphepo yochepa ndi pa yamphamvu. Lembani mzere pa chingwe pamene chalowera m'mano a chopanira. Mzere umenewu ndi kwanu kobwerera.

Kuchokera pamzerepo khwefulani sentimita imodzi yokha, poyeza mpata wa pakati pa timawilo ta thanga ndi ta paipi, osati kutalika kwa chingwe chimene chabwerera, pakuti timawilo timachulukitsa chingwe kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira. Mudzaona kulobodoka kuja kukubwerera chakumphepete, ndipo mimba ya pamwamba pa boom ikukula. Ngati thanga ndi la masikweyamita 7 kapena kupitirira mungathe kuwonjezera sentimita ina, koma malire ndi amenewo. Malirewo amaoneka ndi maso m'njira ziwiri. Mphepete ya pakati pa nthiti ziwiri za pamwamba ikakungika n'kukhala gwa, mwapyola. Nsonga ya nthiti imene ili pamwamba penipeni pa boom ikatulukira kutsogolo kwa mlongoti m'malo mothera cha pakati pake, mwapyolanso, ndipo pamadzi nthitiyo idzakana kutembenukira mbali ina mukatembenuza thanga, mpaka mutaimenya ndi phazi. Mukapeza pabwino lembani mzere wachiwiri pa chingwe.

Malire amenewa ndinawaphunzira ndi mlomo wotupa. Ulendo wina ndinafika pagombe lina kumwera kwa Nkhotakota nyanja ili zii, nkhungu zitaima mizatimizati kutali ngati utsi wa lupsa, ndipo poopa kubwerera ku Kasungu osanyowa n'komwe ndinakhwefula chingwe cha pansi ndi masentimita 5 athunthu. Thanga linafufuma mokongola ngati thumba la chimanga. Bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde pamthunzi wa bwato analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Achimwene, thanga lanulo lakhuta kwambiri, ndipo nyanjayi idzuka dzuwa likafika apa," akuloza chapakati pa thambo. Ndinawathokoza mwaulemu koma sindinasinthe kanthu. Kwa ola limodzi ndinkayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa, thanga likulemera m'manja koma thabwa osathamanga, chifukwa mphepete yotsekeka inkagwira mpweya m'malo moutulutsa. Vuma atayamba kuwomba kuchokera kum'mawa, mphamvu yonse inasamukira kumbuyo ndi kumtunda kwa thanga, dzanja lakumbuyo linalephera kupirira, zala za kumapazi zinanyamuka, ndipo ndinaponyedwa kutsogolo n'kumenyetsa pakamwa pa boom, boomyo n'kung'amba mphuno ya thabwa. Ana amene ankatsuka mbale pagombe anaseka mpaka kukhala pansi. Madzulo a tsiku lomwelo, nditamata mng'alu, ndinabwezera chingwe cha pansi pa mzere wake n'kukhwefula cha kumbuyo ndi masentimita 2, ndipo thanga lomwelo linandinyamula mopepuka pa mphepo yocheperapo kuposa imene inandigwetsa.

Chingwe cha kumbuyo

Apa ndi pamene muyenera kukhalitsa. Choyamba pezani poyambira kuwerenga. Masulani chingwe cha kumbuyo kotheratu, gwirani nsonga ya thanga ndi zala ziwiri, ndipo muikoke kulunjika kumapeto kwa boom mpaka nsalu itangowongoka, popanda kugwiritsa ntchito mphamvu ya mkono. Pamene nsongayo yafika ndi pa ziro. Pa mphepo yabwino matanga ambiri opanda ma camber, timafoloko timene timagwira mlongoti n'kusunga mimba ngakhale mphepo palibe, amafuna kukokedwa masentimita 2 kapena 3 kupitirira pa ziro, ndipo pa chimphepo amakokedwa kuposa pamenepo. Pa mphepo yochepa muyambire pa sentimita imodzi kupitirira ziro, ndipo ngati sizikukwanira mufike pa ziro penipeni. Matanga a mpikisano okhala ndi ma camber amalola kutsika sentimita imodzi kapena ziwiri kunsi kwa ziro, koma thanga wamba likafika kumeneko limayamba kugwedezeka ngati thumba lopanda kanthu.

Musasiye chingwe chikulendewera pakati pa nsonga ya thanga ndi mapeto a boom. Fupikitsani boom yeniyeniyo posuntha timapini ta m'mbali zonse ziwiri mofanana, kuti nsonga ya thanga ikhale pafupi ndi mapeto, mpata wake usapitirire masentimita 2. Mpata ukakula nsongayo imavinavina, ndipo chilichonse chimene dzanja lanu likuuza thanga chimafika mochedwa. Mukatero imikani thanga pa mphasa, mnzanu atagwira mlongoti, ndipo mukanikize ndi chikhatho pakati pa mimba, pang'ono kumbuyo kwa pamene manja amagwira. Pa kakonzedwe ka mphepo yochepa nsalu iyenera kufika pokhudza mbali ya boom ya kutsidya, chakumapeto kwake, mutakanikiza ndi mphamvu yapakatikati. Ikakhudza musanakanikize n'komwe, kapena ikagonera pa boom kuchokera kumapeto mpaka kufika pamene pali zingwe zokolekapo ngowe ya lamba wa m'chiuno, mwakhwefula mopyola, pakuti boom imadula mimbayo pakati n'kuononga kayendedwe ka mpweya, ndiponso imaperesa nsalu. Ikakana kukhudza ngakhale mutakanikiza kwambiri, mphamvu ikadalipo yoti muitulutse.

Matanga ambiri ali ndi zibowo ziwiri pa nsonga ya kumbuyo, china pamwamba china pansi. Pa mphepo yochepa mangani pa cha pamwamba, chifukwa chimakunga pang'ono mphepete ya kumbuyo n'kusunga mpweya, ndipo chimagwirizana ndi boom yokwezedwa imene tiikambe posachedwa. Cha pansi chimatsegula mphepete, ndipo ndi cha masiku a mwera.

Za nthiti sizifuna mawu ambiri. Kungani iliyonse ndi kakiyi kake mpaka makwinya a m'mbali mwa thumba lake atatha, ndipo muleke pomwepo. Ziwiri za m'munsi, imene ili pansi pa boom ndi imene ili pamwamba pake, mungazikunge mowonjezera pang'ono kuti mimba ikhazikike, koma za kumtunda zisakakamizidwe, pakuti ntchito yawo ndi kugonja.

Boom, lamba ndi phazi la mlongoti

Mutaimika thanga pa thabwa, boom nthawi zambiri imakhala pakati pa chifuwa ndi phewa. Pa mphepo yochepa ikwezeni ifike paphewa kapena pachibwano, masentimita 2 kapena 3 nthawi imodzi. Boom yokwera imachititsa kuti thupi lanu lilendewere pa thanga, kulemera kwake n'kutsikira mu mlongoti m'malo mopondereza kumbuyo kwa thabwa, ndipo thabwa likagona mofanana pamadzi limasiya kukumba n'kuyamba kutsetsereka msanga. Mukasuntha boom yang'ananinso chingwe cha kumbuyo, chifukwa kukwera kapena kutsika kwa boom kumasintha kukungika kwake ngakhale simunachikhudze. Panyumba muyeze kuchokera kunsi kwa paipi kufika pa boom n'kulemba m'kope, kapena muike kachizindikiro pa thumba la mlongoti.

Zingwe ziwiri zimene mumakolekapo ngowe ya lamba wa m'chiuno zikhale pamene pali pakati pa mphamvu ya thanga, pamene nthawi zambiri ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a boom kuchokera kutsogolo. Popeza mwakulitsa mimba, malo amenewa amasunthira kumbuyo pang'ono, choncho zingwezo zitsatire ndi chala chimodzi kapena ziwiri. Mayeso ake ndi a pamadzi: mutakoleka ngowe, manja onse awiri ayenera kupepukidwa mofanana. Dzanja lakumbuyo likamatopa sunthirani zingwe kumbuyo, lakutsogolo likamatopa zisunthireni kutsogolo. Zingwe za mainchesi 28 kapena 30 zimakwanira anthu ambiri, ndipo zazifupi kwambiri zimakukokerani pafupi ndi thanga mpaka kulipendeketsa pamwamba panu, pamene pa mphepo yochepa thanga limafunika kuima chilili kuti lonse lione mphepo.

Phazi la mlongoti limayenda m'kangalande ka pakati pa thabwa. Pa matabwa ambiri amakono poyambira ndi masentimita 130 mpaka 135 kuchokera kumchira. Kulibweza m'mbuyo kumapepukitsa mphuno ndipo thabwa limachangamuka, kulipititsa patsogolo kumagoneka mphuno n'kukhazikitsa thabwa. Pa nkhani iyi anthu amatsutsana, ndipo ine ndimaona kuti ndi boom yokwezedwa kubweza phazi ndi sentimita imodzi kapena ziwiri kumathandiza, pokhapokha ngati mchira wayamba kumira, pamenepo libwerere patsogolo. Ngati thabwa lanu ndi lalitali la ophunzira, lokhala ndi chipsepse chachikulu chapakati chotsitsa ndi kukweza, ndipo mphepo ndi yosatheka kutsetsereka nayo, siyani phazi pakati, tsitsani chipsepsecho chonse, ndipo musangalale ndi kuyenda kwa pang'onopang'ono. Chipsepse cha kumchira nacho chikhale chachikulu: thanga la masikweyamita 7 limayenda bwino ndi cha masentimita 38 mpaka 42, chifukwa chaching'ono chimalola thabwa kuterereka cham'mbali liwiro lisanakwane. Munthu wa makilogalamu 75 amafuna thabwa la malita 135 kapena kupitirira pa masiku oterewa, ndipo ngati muli ndi matanga awiri, palibe kukhwefula kumene kungasandutse la 5.5 kukhala la 7.5.

Pamadzi

Pagombe konzani zonse molingana ndi mizere ndi manambala a m'kope, kenaka yendani ulendo umodzi wa mphindi zisanu kupita ndi kubwerera musanaweruze chilichonse. Mukafuna kusintha, sinthani chinthu chimodzi ndi sentimita imodzi, yendaninso, ndipo mumve kusiyana. Amene amasintha zingwe ziwiri ndi boom nthawi imodzi sadziwa chimene chamuthandiza ndi chimene chamubweza m'mbuyo, ndipo ulendo wotsatira amayambiranso pachiyambi. Thanga limalankhula momveka. Likamamveka lopepuka ndi lanjenjete, likukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya, ndiye kuti chingwe cha kumbuyo chakungika kwambiri. Likamalemera koma liwiro osabwera, likukukokerani kutsogolo ndi m'mwamba, chingwe cha pansi chachepa. Likamakoka bwino potsetsereka ndi mphepo koma thabwa n'kumalephera kukwera molunjika kumene mphepo ikuchokera, mimba yakula mopyola, ndipo mukokenso cha kumbuyo ndi sentimita imodzi, chifukwa mphamvu imene singakubwezereni pamene munanyamukira idzakuyendetsani wapansi m'mchenga mutasenza thabwa.

Kakonzedwe kakakhala bwino, chotsala ndi thupi. Yang'anani pamadzi kumene mphepo ikuchokera. Pamene madzi adera ndi kuchita timakwinya ndi pamene kamphepo kakubwera. Kakamafika, khotetsani mphuno ya thabwa pang'ono kutsatira mphepo, mikono ikhale yowongoka, phazi lakutsogolo liloze kutsogolo pafupi ndi phazi la mlongoti, ndipo mukupize thanga katatu kapena kanayi mwamphamvu, mukulikokera kwa inu ndi thupi lonse n'kukankha thabwa ndi mapazi, monga mmene mayi amaponyera lichero popeta. Thanga la mimba yabwino limayankha kukupiza kulikonse ndi kukoka kumene mumakumva m'mapazi, pamene lokungika kwambiri limangolira phapha. Thabwa likanyamuka n'kuyamba kutsetsereka, liwiro lanu lomwe limawonjezera mphepo imene thanga likulandira, ndipo mungathe kudutsa malo a bata amene akanakuimitsani. Musathamangire kulowetsa mapazi m'malamba a kumbuyo liwiro lisanakhazikike, pakuti kuponda kumchira msanga kumamiza zonse zimene mwavutikira.

Kakonzedwe ka mphepo yochepa ndi ka mphepo yochepa basi, ndipo nyanja yathu imasintha nkhope mofulumira. Mafunde a thovu akayamba kuchuluka, kapena mukaona asodzi akupalasa kubwerera kumtunda nthawi isanakwane, tulukani mukakoke chingwe cha kumbuyo ndi masentimita 2 kapena 3 ndi kubwezera cha pansi pa mzere woyamba. Cha kumbuyo mungathe kuchikoka muli pamadzi, mutagwetsa thanga n'kusambira kufika kumapeto kwa boom, koma cha pansi chimafuna nthaka yopondapo. Pagombe la kuno kumadzulo kwa nyanja, mphepo yochokera kumtunda, kaya ndi zambwe kaya ndi kamphepo ka m'mamawa kotsika m'mapiri, imaoneka yofatsa chifukwa madzi a pafupi amakhala osalala, koma imakulirakulira mukamatalikira ndipo imakankhira ku Mozambique. Pa mphepo yotero musalowe, ngakhale thanga likonzedwe bwino chotani. Valani jekete yoyandamitsa, uzani munthu wa pagombe nthawi imene mubwerere, ndipo mutalikirane ndi mabango ndi pamathiriro a mitsinje monga Bua ndi pakamwa pa Chia, kumene kumakhala ng'ona ndi mvuu. Cholumikizira cha labala chija muchipinde ndi manja musanalowe, ndipo chikaonetsa ming'alu chisinthidwe tsiku lomwelo.

Pomasula, yambani ndi chingwe cha kumbuyo, chotsani boom, kenaka mukhwefule cha pansi pang'onopang'ono mutachigwira ndi kamtengo, chifukwa mlongoti wopindika ukamasulidwa mwadzidzidzi umakwapula. Thanga lisagone padzuwa pamene mukudya chakudya cha masana, pakuti pulasitiki yake yoonekera imauma ndi kusweka ndi dzuwa. Likokereni pamthunzi kapena mulifunditse chitenje. Likulungeni kuyambira kumutu litauma, ndipo musananyamuke lembani m'kope tsiku, kumene mphepo inkachokera, mmene madzi ankaonekera, nambala ya paipi, mzere wa chingwe cha pansi, masentimita a cha kumbuyo, chibowo chimene munamangapo, kutalika kwa boom ndi malo a phazi la mlongoti. Mukafika ku Kasungu lekanitsani zigawo za mlongoti tsiku lomwelo n'kutsuka polumikizira, ndipo thanga mulipachike m'mwamba mopingasa m'chipinda chopanda chimanga kapena mtedza, chifukwa makoswe amakonda thumba la mlongoti pomanga zisa.